Zinthu Zikavuta, Adzalipira Ndani?

Bizinesi yanga yoyamba ndinaiyamba ndi mnzanga amene tinkakhulupirirana kwambiri, ndipo chikalata chokhacho chimene tinali nacho chinali kope la chikuto chofiira momwe tinkalembamo ndalama zolowa ndi zotuluka madzulo alionse. Kopelo ndikulisungabe mpaka lero. Masamba ake oyambirira ali ndi zolemba za anthu awiri, zanga zopendekeka ndi zake zoongoka, koma mukafika chapakati mupeza kuti zolemba zakezo zikuyamba kuchepa, kenaka n'kutheratu. Mwezi umene zinatherawo ndi womwenso kunabwera bambo wina atanyamula mapepala osonyeza kuti mnzangayo anatenga katundu wambiri pangongole m'dzina la bizinesi yathu, ine osadziwa. Ndinawayankha mwaulemu kuti akafunse amene anasaina. Iwo anandiyankha mwaulemunso kuti amene anasainayo sakupezeka, ndipo kuti lamulo likuwalola kufunsa ine. Loya amene ndinakaonana naye mawa lake ananditsimikizira kuti bambowo ankanena zoona.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikukhulupirira kuti mafunso ambiri a zamalamulo okhudza bizinesi yaing'ono amabwerera ku funso limodzi, lakuti zinthu zikavuta adzalipira ndani, ndipo adzalipira ndi katundu wa yani. Anthu amene amandifunsa nzeru kawirikawiri amayamba ndi kufunsa kumene akalembetse, fomu imene akadzaze, ndi masiku amene satifiketi imatenga kuti ituluke. Mafunso amenewa ndi oyenera, koma mayankho ake amasiyana dziko ndi dziko, ndipo kalaliki wa ku ofesi yolembetsera angathe kuwayankha m'mphindi zochepa. Funso la amene adzasenze ngongole palibe fomu imene imakufunsani, ndipo ambiri timalimva koyamba kuchokera pakamwa pa munthu amene wabwera kudzalonjerera ndalama zake.

Munthu akayamba malonda payekha popanda kukhazikitsa kampani, lamulo silimuona iye ndi bizinesi yake ngati zinthu ziwiri. Phindu lonse ndi lake, ngongole zonse ndi zakenso, kutanthauza kuti wokongoza akapambana kukhoti angathe kulanditsa galimoto, ndalama za mu akaunti kapena katundu wina wa munthuyo, ngakhale zinthuzo zisanakhudzanepo ndi malondawo. Kulembetsa dzina la bizinesi sikusintha zimenezi, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Satifiketi ya dzina imene timaipachika pakhoma monyadira imangodziwitsa boma ndi anthu kuti kuseri kwa dzina lakutilakuti kuli uje, kuti amene walakwiridwa adziwe womusumira. Imathandiza potsekula akaunti ku banki ndi pofunafuna maoda, koma sitchinjiriza nyumba ya mwini wake.

Ife vuto lathu linakula chifukwa tinali awiri. Lamulo la ku Britain la mu 1890 lotchedwa Partnership Act, limene maiko ambiri amene anatengera malamulo a Angerezi ali ndi lofanana nalo, limanena kuti anthu akamachitira limodzi bizinesi ndi cholinga chopeza phindu, mgwirizano wabadwa kale pakati pawo, kaya analemberana kaya sanalemberane. Pamene sanalemberane, lamulolo limawalembera lokha zoyenera kutsata. Aliyense ali ndi mphamvu yomangirira mnzake pa zinthu zimene zimachitika mwachizolowezi m'bizinesi ya mtunduwo, monga kuoda katundu pangongole. Phindu limagawidwa mofanana ngakhale wina anaika mpamba wochuluka, palibe amene ali ndi ufulu wolandira malipiro pa ntchito imene akugwira m'bizinesimo, ambiri sangathamangitse mmodzi, ndipo mmodzi akamwalira mgwirizano wonse umatha. Malamulo amenewa sindikuwaona ngati oipa, chifukwa anapangidwira anthu amene sananene chilichonse. Chimene chimandimvetsa chisoni n'chakuti anthu ambiri akuyendetsedwa nawo asakudziwa, ndipo akanafunsidwa pachiyambi sakanawasankha.

Kampani imasiyana ndi zonsezi chifukwa pamaso pa lamulo ndi munthu payokha. Imakhala ndi katundu wake, imachita mapangano m'dzina lake, imasumira ndi kusumiridwa, ndipo siifa mwini wake akafa. Mlandu umene unakhazikitsa mfundo imeneyi mwamphamvu unakhudza munthu wa bizinesi ya banja, Aron Salomon, amene ankapanga nsapato ku Whitechapel mumzinda wa London. Mu 1892 iye anasandutsa bizinesi yake kukhala kampani, ndipo popeza lamulo la nthawiyo linkafuna eni masheya osachepera asanu ndi awiri, mkazi wake ndi ana ake asanu anatenga sheya imodzi aliyense, iye n'kukhala ndi masheya 20,001 mwa masheya 20,007. Malonda atalowa pansi kampaniyo inagwa, ndipo amene anapatsidwa ntchito yoithetsa anati Salomon alipire ngongolezo kuchokera m'thumba mwake, chifukwa kampaniyo inali iye yemweyo atangovala dzina lina. Makhoti awiri oyamba anagwirizana ndi ganizo limeneli. Koma mu Novembala 1896 bwalo la House of Lords, lomwe linali lomaliza pa milandu ya apilo, linagamula kuti kampani imene yakhazikitsidwa motsata lamulo ndi munthu wina wosiyana ndi eni ake, ngakhale pafupifupi masheya onse atakhala m'manja mwa munthu mmodzi. Ngongole za kampani zinakhala za kampani.

Ganizo lakuti mwini ataye zokhazo zimene anaika m'bizinesi linalowa m'malamulo a Britain mu 1855, dziko la Germany linakhazikitsa mtundu wa kampani wotchedwa GmbH mu 1892 poganizira mabizinesi apakati ndi ang'onoang'ono, ndipo ku United States chigawo cha Wyoming chinayambitsa mtundu wotchedwa LLC mu 1977. Maina ndi osiyana koma cholinga ndi chimodzi, chomanga khoma pakati pa katundu wa bizinesi ndi katundu wa pakhomo, kuti munthu athe kuyesa malonda popanda kuika ana ake pachiswe. Masiku ano maiko ambiri amalola ngakhale munthu mmodzi kukhazikitsa kampani yekha.

Khoma limeneli ndi lenileni, koma lili ndi zitseko, ndipo chachikulu mwa izo timatsekula tokha ndi cholembera. Nditakhazikitsa kampani patapita zaka, ndinapita ku banki kukapempha ngongole yogulira makina. Mayi amene ankandithandiza anaika mapepala patebulo, n'kundilozera ndi chala malo awiri osainapo. Malo oyamba anali kumapeto kwa pangano la ngongole, pamene pansi pa mzere panalembedwa dzina la kampani ndi udindo wanga. Malo achiwiri anali pa pepala lina lamasamba atatu, ndipo pansi pa mzere wake panali dzina langa lokha. Ndinapempha kuti ndipite nalo kunyumba ndikawerenge. Pepala lachiwirilo linali lonjezo langa lakuti kampani ikalephera kubweza, ndidzabweza ine. Linkanenanso kuti lonjezolo likukhudza ngongole zonse zimene kampani ili nazo ku bankiyo, za lero ndi zam'tsogolo, popanda malire. Mabanki, eni nyumba zochitiramo malonda ndi ogulitsa katundu pangongole amaidziwa bwino nkhani ya Salomon, n'chifukwa chake kampani yaing'ono yopanda chikole amaipempha kuti mwini wake aiimire. Nthawi zambiri kukana n'kosatheka ngati mukuifunadi ndalamayo, koma kukambirana n'kotheka. Ine ndinabwerera n'kupempha kuti lonjezolo likhale la ngongole imodzi yokhayo ndiponso kuti alembe chiwerengero chimene sichingapitirire, ndipo atakambirana ndi akuluakulu awo anavomera. Kuyambira mu 1677, pamene England inakhazikitsa lamulo la Statute of Frauds, lonjezo loimira ngongole ya wina limayenera kukhala lolembedwa ndi losainidwa kuti khoti liligwiritse ntchito, ndipo maiko ambiri amatsatira zomwezo. Tanthauzo lake n'lakuti mtolo umenewu sugwera munthu mwangozi. Umabwera pa pepala, ndipo pepalalo lingathe kuwerengedwa cholembera chisanatsekulidwe.

Chitseko china ndi kusakaniza ndalama. Mwini kampani yaing'ono amaona akaunti ya kampani ngati thumba lake lachiwiri, amatapamo fizi ya mwana lero, mawa n'kubwezeramo zina kuchokera m'thumba, osalemba paliponse. Kwa iye zonse ndi zake. Kwa lamulo ndalamazo ndi za munthu wina, ndipo mwini angazitenge kudzera m'njira zodziwika zokha, monga malipiro, gawo la phindu limene lalengezedwa moyenera, kapena ngongole yolembedwa. Kampani ikagwa, woithetsa angathe kuwerenga zonse zimene zinatapidwa ngati ngongole imene mwiniyo ayenera kubweza, ndipo ku United States makhoti amaganizira kusakaniza kotereku akamaona ngati n'koyenera kugwetseratu khoma lija. Palinso nkhani ya woyendetsa kampani amene akupitiriza kutenga katundu pangongole akudziwa, kapena akuyenera kudziwa, kuti kampaniyo siingapulumukenso. Lamulo la ku Britain la mu 1986 lokhudza kulephera kubweza ngongole limalola khoti kulamula munthu wotere kuti asonkhepo kuchokera m'thumba mwake, ndipo maiko ena ali ndi malamulo ofanana nalo. Ndiponso kampani siphimba cholakwa chimene munthu wachita ndi manja ake. Amene wanamiza kasitomala kapena wavulaza munthu chifukwa chosasamala angathe kuyankha yekha.

Sindikunena kuti aliyense athamangire kukhazikitsa kampani tsiku loyamba. Walira mvula walira matope: kampani imafuna kusunga mabuku a ndalama, kupereka malipoti a chaka ndi chaka ku ofesi yolembetsera, ndi kudziwitsa boma oyendetsa kapena eni ake akasintha, ndipo zonsezi zimadya nthawi ndi ndalama ngakhale chaka chimene simunagulitse kanthu. Muyeso umene ine ndimagwiritsa ntchito ndi kukula kwa tsoka limene lingagwe. Munthu amene akugulitsa luso lake yekha, wopanda antchito, wopanda ngongole, angathe kuyamba payekha n'kudzasintha pambuyo pake. Koma amene akulemba anthu ntchito, akusaina lendi ya zaka zingapo, akunyamula anthu, kapena akupanga zinthu zolowa m'thupi la munthu, ayenera kuliganizira khomali mwamsanga, pamodzi ndi inshuwalansi. Mu 1932 bwalo la House of Lords linaweruza mlandu wa May Donoghue, mayi amene anati anadwala atamwa chakumwa cha m'botolo momwe munali nkhono yowola, m'tauni ya Paisley ku Scotland. Chakumwacho anamugulira mnzake, choncho panalibe pangano lililonse pakati pa iye ndi wopanga. Bwalolo linagamula kuti wopanga katundu ali ndi udindo wosamala kwa munthu amene adzagwiritse ntchito katunduyo, ngakhale asanaonanepo. Mfundo imeneyi siyang'ana kukula kwa fakitale, ndipo chipukuta misozi cha munthu mmodzi wovulala chingathe kuposa phindu la zaka zambiri.

Ndibwerere kwa anthu ochitira limodzi bizinesi, chifukwa apa ndi pamene mtima wanga uli. Chimene chimatilepheretsa kulemberana si umbuli ayi, ndi manyazi. Timaopa kuti kutulutsa pepala pamaso pa mnzathu kapena m'bale wathu kuoneka ngati tikumukayikira. Ine ndinaphunzira mochedwa kuti pangano lolembedwa limateteza ubwenziwo, chifukwa limalembedwa nthawi imene onse awiri akufunirana zabwino ndipo palibe amene akudziwa kuti ndime iti idzakomera yani. Siliyenera kukhala lalitali. Linene zimene aliyense waika, kaya ndalama, zipangizo kapena nthawi, ndi mtengo umene mwagwirizana kuti zinthuzo zili nawo. Linene malire a ndalama zimene mmodzi angagwiritse ntchito kapena kukongola popanda siginecha ya mnzake, ndipo malirewo banki ndi ogulitsa katundu akuluakulu adziwitsidwe, popeza munthu wakunja amene sakuwadziwa sangamangidwe nawo. Koposa zonse linene za kulekana, kuti wina akafuna kuchoka, akadwala nthawi yaitali kapena akamwalira, gawo lake lidzawerengedwa motani, adzaligula ndani, ndipo adzalipira pa nthawi yaitali bwanji. Ngakhale mu kampani nkhani imeneyi siitha yokha. Anthu awiri amene agawana masheya pakati ndi pakati amaona ngati achita chilungamo, koma tsiku limene adzasemphane maganizo palibe amene angapose mnzake povota, kampani imaima, ndipo nthawi zina njira yotsala imakhala kupempha khoti kuti liithetse. Ndime imodzi yotchula munthu wachitatu woyanjanitsa, kapena njira yoti mmodzi agule gawo la mnzake, imapewetsa zonsezi.

Pangano lapakamwa ndi makasitomala kapena ogulitsa katundu kawirikawiri limagwira ntchito pamaso pa lamulo, kupatula pa zinthu zina monga kugulitsa malo. Vuto lake ndi umboni. Uthenga waufupi wa pa foni kapena imelo wotsimikizira mtengo, kuchuluka kwa katundu, tsiku loperekera ndi tsiku lolipira umathetsa mikangano yambiri isanayambe. Ndipo amene ali ndi kampani azionetsetsa kuti pa invoisi, pa lendi ndi pa pangano lililonse palembedwa dzina lonse la kampani, iye n'kusaina m'malo mwake, chifukwa akalemba dzina lake lokha wadzimangirira yekha.

Nkhani ya antchito imafunika kuisamala kwambiri kuposa momwe ambiri timachitira. Pali chizolowezi chomutchula munthu kuti ndi waganyu kapena wodziimira payekha pofuna kupewa tchuthi cholipidwa, penshoni ndi ndondomeko yochotsera munthu ntchito. Makhoti sayang'ana dzina limene mwamupatsa, amayang'ana zimene zikuchitika: amene amasankha maola, mwini zipangizo, amene amaika mtengo, ndiponso ngati munthuyo ali ndi ufulu wokana ntchito kapena wotumiza wina m'malo mwake. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la International Labour Organization linalimbikitsa mfundo yomweyi mu 2006, kuti ubale wa ntchito uzidziwika ndi zochitika zenizeni osati ndi mawu a m'pangano. Mu Febuluwale 2021 khoti lalikulu la Supreme Court ku Britain linagamula kuti madalaivala amene anasumira kampani ya Uber, yolumikiza madalaivala ndi okwera kudzera pa foni, anali oyenera malipiro ochepetsetsa ovomerezeka ndi tchuthi cholipidwa, ngakhale mapangano awo ankawatchula kuti ndi odziimira paokha. Ngati kampani yaikulu choncho, yokhala ndi maloya ambiri, sinathe kubisala kuseri kwa mawu, bizinesi ya anthu atatu siingathenso. Zimenezi zimakhudzanso m'bale amene akuthandiza tsiku ndi tsiku kwa zaka popanda chogwirizana chomveka, chifukwa tsiku lokangana iye angathe kunena kuti anali wantchito amene sanalipidwe, kapena kuti anali mwini mnzanu. Kalata yatsamba limodzi yonena ntchito, maola, malipiro ndi nthawi ya notisi imalemekeza munthuyo ndipo imateteza onse awiri.

Za msonkho ndinene chinthu chimodzi chokha. Pali ndalama zimene zimadutsa m'manja mwanu koma si zanu. Msonkho wa VAT, umene unayambira ku France mu 1954 ndipo tsopano uli m'maiko oposa 150, mumautolera kwa kasitomala m'malo mwa boma malonda anu akapitirira malire amene dziko lanu linaika, ndipo msonkho umene mumadula pa malipiro a antchito ulinso chimodzimodzi. Mwezi ukavuta, chiyeso chogwiritsa ntchito ndalama zimenezi polipira lendi chimakhala chachikulu, koma maboma ambiri amalanga kwambiri mchitidwe umenewu, ndipo m'maiko ena woyendetsa kampani amayankha yekha. Ine ndimazisamutsira ku akaunti ina tsiku lomwelo zalowa. Ziphaso nazo zisasokonezedwe ndi kulembetsa: satifiketi ya kampani siikupatsani chilolezo chogulitsa mankhwala, kukongoza ndalama kapena kuchitira malonda pamalo alionse, ndipo inshuwalansi ingathe kukana kulipira ngozi imene yachitika pa ntchito yopanda chiphaso.

Dzina nalo ndi katundu, ndipo kulilembetsa ngati dzina la kampani n'kosiyana ndi kulilembetsa ngati chizindikiro cha malonda. Chizindikiro choyamba kulembetsedwa ku Britain, mu Januwale 1876, chinali chithunzi chofiira cha ngodya zitatu cha kampani yofulula mowa ya Bass. Chitetezo cha chizindikiro chimagwira m'dziko kapena m'chigawo chimene mwalembetsa, pa magulu a katundu ndi ntchito amene mwasankha mwa magulu 45 amene maiko ambiri amatsata, ndipo m'maiko ochuluka chimakhala zaka 10 n'kumachiwonjezera. Kufufuza ngati dzina lili kale ndi mwini musanasindikize zikwangwani ndi mapaketi n'kotsika mtengo poyerekeza ndi kusintha zonse makasitomala atalizolowera. Ndipo amene walipira katswiri wodziimira payekha kuti amujambulire chizindikiro kapena amukonzere tsamba la pa intaneti adziwe kuti m'maiko ambiri umwini wa ntchitoyo umatsalira kwa wojambulayo, pokhapokha atausamutsa molemba.

Ngongole ya makina ija ndinamaliza kubweza patatha zaka zitatu. Tsiku limene ndinalipira komaliza ndinafunsa za pepala lachiwiri lija, ndipo anandiuza kuti likadali m'faelo, popeza palibe amene anapempha kuti lichotsedwe. Ndinalemba kalata yopempha kuti anditsimikizire molemba kuti lonjezo langa latha ndiponso kuti chikole chimene analembetsa pa makinawo achifafanize ku kaundula. Yankho linatenga masabata asanu ndi kukumbutsa kawiri. Litafika ndinaliika mu envulopu imodzi ndi pangano la eni masheya, satifiketi ya kampani ndi kope lofiira lija, ndipo ndinauza mnzanga amene ndikuchita naye bizinesi tsopano, komanso a m'banja langa, malo amene envulopuyo ili.